Nzimbe za ku Dwangwa, Dzina la ku Natal

Mtsinje wa Dwangwa umayambira m'nkhalango ya Kasungu n'kutsetsereka chakum'mawa mpaka kukathira m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Ukamayandikira nyanja umayala dothi lachonde, ndipo pa chigwa chimenecho, m'dera la Mfumu Kanyenda, ndi pomwe pali minda ya nzimbe ndi fakitale yomwe yakhala ikupanga shuga kuyambira 1979. Kutali kumwera kwa mzinda wa Durban, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, kuli mtsinje wina wotchedwa Lovu, umene azungu ankaulemba kuti Illovo. Alimi ambiri a ku Dwangwa sanauonepo. Koma mukatenga paketi ya shuga wochokera m'minda yawo, dzina lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndi la mtsinje wa ku Natal uja.

Palibe anaba kanthu pamenepa. Mapepala anasainidwa, ndalama zinalipidwa, zonse zinayenda mwalamulo. Koma nkhani yoti dzina la pa katundu ndi la yani, ndipo amaliteteza ndani, ndi yakale m'mbali mwa nyanja muno kuposa fakitale ya shuga, ndipo pa zaka zonsezi eni dera akhala akugula ndi kugwirira ntchito mayina a anthu ena.

Makolo athu sankafuna chizindikiro cha malonda chifukwa wogula ankamudziwa wopanga. Khasu likathyoka lisanalime munda umodzi, wosula anali wa mudzi womwewo kapena wa tsidya la dambo, ndipo nkhani inkathera pabwalo la mfumu. Mbiya yodontha inkabwerera kwa woumba. Chizindikiro chimayamba kufunika pokhapokha mtunda ukalekanitsa wopanga ndi wogula, moti wogula sangathenso kukaodira pakhomo pa amene wamupusitsa. Ku Nkhotakota mtunda wotere unafika m'zaka za m'ma 1840, pamene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pa gombe n'kuyamba kuolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo pa zombo kupita tsidya lija, pa njira ya ku Kilwa ndi Zanzibar. Zombozo pobwerera zinkanyamula mfuti, wonga, mikanda ndi nsalu.

Nsalu yomwe inkalamulira malonda a kum'mawa kwa Africa pa nthawiyo inali yoyera, yolimba, yolukidwa m'mafakitale a ku Massachusetts ndi kubwera ku Zanzibar ndi amalonda a ku Salem. Aswahili ankaitcha merikani. Inkagwira ntchito ngati ndalama: amtengatenga ankalipidwa nayo, mafumu ankapatsidwa ngati msonkho wodutsira. Mpukutu uliwonse unkabwera ndi chidindo cha fakitale, ndipo ogula, ngakhale osadziwa kuwerenga Chingerezi, anafika pozindikira chidindo chenicheni, kukhuthala kwa nsalu, ngakhale fungo lake. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 itadula malondawo, mafakitale a ku Manchester ndi Bombay analowa m'malo ndi nsalu zopyapyala, zina zopakidwa phala kuti zioneke zolemera, zokhala ndi zidindo zofanana ndi za ku America. Inkagulitsidwabe ngati merikani. Ndimaona kuti katundu wachinyengo woyamba kufika m'dera lino sanali mabatire kapena mafoni a lero, koma nsalu imeneyi, ndipo wopusitsidwa analibe ofesi yokadandaulako.

Maofesiwo ankatsegulidwa kwina, ndipo ankatsegulidwira opanga, osati ogula. Dziko la Britain linakhazikitsa kaundula wa zizindikiro za malonda ndi lamulo la 1875, ndipo pa 1 Januwale 1876 chizindikiro choyamba kulembedwa chinali chofiira cha ngodya zitatu cha mowa wa Bass. Mu 1883 mayiko anagwirizana ku Paris kuti mlendo wolembetsa chizindikiro kapena luso lake azitetezedwa mofanana ndi nzika. Mu 1891 ena mwa iwo anasainirana ku Madrid kuti munthu azitha kulembetsa kamodzi n'kupempha chitetezo m'mayiko angapo. M'chaka chomwecho cha 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain, ndipo pofika 1895 ulamuliro wa a Jumbe ku Nkhotakota unali utatha. Masitolo a amwenye ndi a azungu ndi amene anatenga malo a zombo. Kampani ya African Lakes, yomwe inayamba mu 1878, inapeza dzina lake lamalonda mwaulere kuchokera kwa anthu akuno, amene ankamutcha John Moir kuti Mandala chifukwa cha magalasi ake; kampani inalitenga dzinalo n'kulilemba pa masitolo ake m'dziko lonse.

Lamulo lomwe linatilamulira nthawi yaitali pa nkhaniyi linabwera ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1957 nyumba ya malamulo ya Chitaganya ku Salisbury inavomereza lamulo la zizindikiro za malonda, lotengera la ku Britain la 1938, pamodzi ndi lamulo loteteza zinthu zongotulukiridwa kumene. Chitaganya chitatha mu 1963, Malawi anangowatenga malamulowo mmene analili, ntchito n'kuipereka ku ofesi ya Registrar General ku Blantyre. Pa 6 Julayi 1964, tsiku lomwelo la ufulu, dziko linakhala membala wa pangano la ku Paris. Lamulo la 1957 linkateteza zizindikiro za pa katundu wogwirika yekha. Mwini basi, mwini malo ogona alendo kapena banki sankatha kulembetsa dzina la ntchito yake. Wolembetsa ankatetezedwa zaka 7, kenako n'kumawonjezera zaka 14. Lamuloli linakhala zaka zoposa 60, ndipo olipindulira ambiri anali makampani akunja a sopo, fodya, mankhwala ndi zakumwa, omwe ankatuma maloya a ku Blantyre kuti awatsekere mayina awo pamsika wa kuno.

Shuga anafika m'dziko muno pansi pa lamulo limeneli. Kampani ya Lonrho, yomwe inayamba mu 1909 ngati kampani ya migodi ndi malo ku Rhodesia ndipo inakula m'manja mwa Tiny Rowland, inatsegula fakitale ya SUCOMA ku Nchalo mu 1966. Patadutsa zaka khumi, boma la Dr. Kamuzu Banda linafuna esiteti yachiwiri, m'chigawo chapakati, ndipo maso anagwera pa chigwa cha Dwangwa. Dwangwa Sugar Corporation, imene aliyense ankangoitcha Dwasco, inamangidwa ndi ndalama za Lonrho, ADMARC ndi ngongole za mabungwe akunja. Mabanja omwe ankalima mpunga ndi chinangwa pa chigwacho anasamutsidwa, ndipo m'masiku a chipani chimodzi munthu sankatsutsa zotere mokweza. Mu 1978 boma linakhazikitsa Smallholder Sugar Authority kuti alimi ang'onoang'ono apatsidwe minda yolima nzimbe zogulitsa ku fakitale. Mu 1982 pambali pa fakitale ya shugayo panatsegulidwa fakitale ya ETHCO, yosandutsa molasesi, madzi akuda otsala popanga shuga, kukhala ethanol wosakaniza ndi petulo. Anthu anabwera kudzafuna ntchito kuchokera ku Nsanje, Mulanje, Mzimba ndi Karonga, ndipo pamsewu wa M5 panamera tauni. Dzina la Dwasco linkamveka pa wailesi Loweruka masana, timu ya mpira ikamasewera pa bwalo la Chitowe.

Kunja kwa dziko dzinalo silinkamveka, ndipo panali chifukwa chake. Pangano la Lomé la 1975 linapatsa mayiko angapo a mu Africa, Caribbean ndi Pacific mwayi wogulitsa shuga ku Ulaya pa mtengo wotsimikizika, wokwera kuposa wa pamsika wa dziko lonse. Malawi anali ndi gawo lake la matani pafupifupi 20,000 pachaka. Shuga wotere ankapita wosayenga, wochuluka, wopanda dzina, ndipo wambiri wa mayiko a panganoli ankakayengedwa ku fakitale ya Tate & Lyle m'mphepete mwa mtsinje wa Thames ku London. Mayi wa ku England pogula ankawerenga dzina la Tate & Lyle. Sindingawadzudzule amene ankayendetsa malonda athu nthawi imeneyo: ngati wogula walonjeza mtengo wabwino chaka ndi chaka, ndani angawononge ndalama kumanga dzina? Koma mtengo wolonjezedwa uli ndi tsiku lothera. Gawo la shuga la panganolo linatha mu 2009, ndipo mu 2017 mayiko a ku Ulaya anamasula alimi awo kupanga shuga wochuluka mmene angafunire. Mitengo inatsika, ndipo amene anali ndi dzina lodziwika kwa ogula ndi amene anatsala ndi pogwira.

Pofika nthawiyo eni fakitale anali atasintha kawiri. Mu 1997 kampani ya ku South Africa ya Illovo Sugar inagula nthambi yonse ya shuga ya Lonrho, Nchalo ndi Dwangwa zili momwemo, ndipo chaka chomwecho SUCOMA inalowa pa msika wa masheya wa Malawi. Mu 2004 dzina la SUCOMA linachotsedwa, kampani n'kukhala Illovo Sugar Malawi. Mu 2006 kampani ya ku London ya Associated British Foods inagula masheya 51 pa 100 alionse a Illovo, ndipo mu 2016 inamaliza kugula otsala. Gulu la Illovo lili ndi masheya 76 pa 100 a kampani ya ku Malawi. Alimi ang'onoang'ono nawo anaona bungwe lawo likusinthidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kukhala Dwangwa Cane Growers Trust ndi kampani yake yoyendetsa ulimi. Chonde onani pomwe dzina la Dwangwa linatsalira: pa bungwe la olima nzimbe, lomwe wogula wake ndi mmodzi yekha. Nzimbe ikadulidwa imayamba kutaya shuga pakangopita masiku ochepa, choncho mlimi sangayende nayo kukafuna msika wina. Amaipereka pa sikelo ya fakitale, amalipidwa potengera shuga amene wapezeka mu nzimbeyo, ndipo kuchokera pamenepo katundu ndi dzina lomwe ndi za wina.

Ngakhale mbewu ili ndi eni. Mitundu yambiri ya nzimbe yomwe yalimidwa kuno, monga NCo376, N14 ndi N25, inachokera ku malo ofufuzira za nzimbe a Mount Edgecombe pafupi ndi Durban, omwe anatsegulidwa mu 1925. Zilembo za NCo zikuimira Natal ndi Coimbatore, chifukwa njere zake zinachokera ku India n'kukasankhidwa ku Natal. Kutulutsa mtundu umodzi watsopano kumatenga zaka zoposa khumi, ndipo ochita ntchitoyo safuna kuti ena angodula mapesi n'kukabzala mwaulere. Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza opanga mbewu zatsopano mu 2018.

Pamsika wa m'dziko muno paketi inayamba kulankhula Chichewa, ndi dzina la Tseketseke, chifukwa wogula wamkulu wa shuga wa Illovo ndi Mmalawi yemwe. Kuyambira 2012 shuga wogulitsidwa m'dziko muno anayamba kuthiridwa vitamini A, choncho chizindikiro cha pa paketi chinasenza lonjezo lina, la thanzi la ana, limene shuga wolowa mozemba kudzera m'njira zachidule za m'malire alibe. Koma pitani pa okala iliyonse ya m'mudzi muone mmene shuga amagulitsidwira. Wogulitsa amang'amba paketi ya kilogalamu, n'kupima timapepala ta pulasitiki tomanga mfundo, tokwanira tiyi wa m'mawa umodzi. Pa timapepalato palibe dzina, palibe chidindo cha Malawi Bureau of Standards, palibe tsiku. Wogula amadalira nkhope ya wogulitsa. Malamulo onse a ku Paris ndi Madrid amathera pa lumo long'ambira paketi lija. Mpikisano weniweni wa mayina unayamba cha m'ma 2016, fakitale ya Salima Sugar itatsegulidwa kumwera, m'mbali mwa nyanja yomweyi, ndipo iyo inaika dzina la boma la kuno pa thumba lake.

Wina angafunse ngati dzina la malo lingakhaledi chuma. Yankho lili mu shuga momwemo. Demerara ndi mtsinje ndi dera la ku Guyana, ku South America, komwe kunkachokera shuga wofiirira wa timibulu tikulutikulu amene Angerezi anamukonda. Mu 1913 khoti la ku England linaweruza mlandu wa wogulitsa amene anagulitsa shuga wa ku Mauritius pa dzina la Demerara, ndipo linagamula kuti dzinalo linali litasanduka la mtundu wa shuga, osatinso la malo. Kuchokera pamenepo aliyense angapange demerara, ndipo Malawi naye amatumiza kunja shuga wa dzina limeneli. Anthu a ku Guyana anataya dzina la mtsinje wawo chifukwa panalibe amene analilondera pa nthawi yake. A ku South Africa anatsala pang'ono kutaya la tiyi wa rooibos, lomwe kampani ina inalilembetsa ku America mu 1994. Linamasulidwa mu 2005 patachitika milandu, ndipo mu 2021 mayiko a European Union analivomereza ngati dzina la dera lomwe tiyiyo amamera. Ethiopia anasankha njira ina: analembetsa mayina a khofi wa Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe ngati zizindikiro za malonda, anakokana ndi Starbucks, ndipo mu 2007 kampaniyo inasaina pangano lovomereza umwini wa Ethiopia.

Malawi sanachedwe kusaina mapangano. Bungwe la ARIPO, lolembetsa zizindikiro za malonda ndi luso m'mayiko angapo a mu Africa, lomwe likulu lake lili ku Harare, linabadwa ndi pangano la ku Lusaka la 1976, ndipo Malawi anali m'gulu la mayiko oyamba pamene pangano la ku Banjul la zizindikiro za malonda, losainidwa mu 1993, linayamba kugwira ntchito mu 1997. Vuto linali loti lamulo la 1957 silinkatchula za Banjul, moti maloya ankakayika ngati chizindikiro cholembetsedwa ku Harare chingaime pa khoti la kuno. Oimba ndi olemba ndi amene anatsogola: lamulo la umwini wa zaluso la 1989 linabala COSOMA mu 1992, ndipo kwa achinyamata okopera anthu nyimbo pa makompyuta m'matauni ngati Dwangwa, bungwe limeneli ndi lomwe amalidziwa akamva za umwini wa luso, chifukwa ndi lomwe limabwera kudzafunsa laisensi. Lamulo latsopano la zizindikiro za malonda linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2018. Linavomereza zizindikiro za ntchito, linaika zaka 10 za chitetezo zowonjezereka, ndipo linatsegula makomo awiri omwe lamulo la atsamunda linalibe: chizindikiro cha gulu, chomwe kopaletivi ingalembetse kuti mamembala onse azigwiritsa ntchito, ndi chitetezo cha dzina la dera pa katundu amene ubwino wake umachokera ku deralo. Pa 25 Disembala chaka chomwecho Malawi anakhala membala wa nambala 102 wa dongosolo la Madrid.

Kunena zoona, sindikhulupirira kuti shuga ndi amene angadutse pa makomo amenewa. Shuga woyera wa ku Dwangwa sasiyana kukoma ndi wa ku Nchalo kapena wa ku Mazabuka ku Zambia, ndipo fakitale ili ndi mwini wake amene ali kale ndi dzina. Mbewu yomwe ili ndi fungo la dera lino ndi imene inalipo nzimbe zisanabwere, mpunga. Aswahili a Jumbe anaulimbikitsa m'madambo a Nkhotakota, atsamunda anaupeza ukugulitsidwa kale, ndipo lero ukulimidwa ku sikimu ya Bua ndi m'madimba a m'mbali mwa nyanja. Pa dongosolo la mayiko onse logawa katundu ndi ntchito m'magulu 45 polembetsa zizindikiro, mpunga ndi shuga zili m'gulu limodzi, la 30, choncho fomu yake ndi yomweyo. Chovuta n'chakuti mpunga wathu wotchuka kwambiri, Kilombero, nawonso uli ndi dzina la eni, la chigwa cha m'chigawo cha Morogoro ku Tanzania. Alimi a ku Karonga augulitsa mpaka ku Scotland pa dzina limeneli, koma kulilembetsa ngati dzina la dera la ku Malawi kungadzutse mafunso kwa anansi athu. Mpunga wa Faya ulibe vuto lotere, ndipo dzina la Nkhotakota palibe angatilande. Chomwe chimaononga mbiri ya mpunga wa kuno ndi mavenda osakaniza mitundu, kuika wonunkhira pamwamba pa thumba ndi wamba pansi. Chizindikiro cha gulu chimagwira ntchito pokhapokha gululo litagwirizana za mbewu, kaumitsidwe ndi kapunthidwe, n'kukhala ndi mtima wochotsa membala wosakaniza, ngakhale atakhala mlamu wa tcheyamani.

Ndalama zolembetsera ku Geneva, kumene kuli ofesi ya dongosolo la Madrid, si zimene zingalepheretse gulu lotere. Malipiro oyambira a dongosolo la Madrid ndi mafulanki 653 a ku Switzerland pa chizindikiro chopanda mitundu, ndipo wopempha wochokera ku dziko losauka ngati lathu amalipira gawo limodzi mwa magawo khumi, kenako n'kuwonjezera za dziko lililonse lomwe walitchula. Amayenera kuyamba walembetsa kuno kwathu, ndipo kwa zaka 5 zoyambirira chizindikiro cha kunja chimadalira cha kumudzi: chikagwa kuno, chagwa konse. Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zili m'dongosololi, koma South Africa ndi Tanzania mulibe, ndipo mabasi onyamula mpunga ndi usipa wa kunyanja amalowera ku Johannesburg, kumene Amalawi okhala kumeneko amaugula m'timatumba topanda dzina. Kumeneko munthu amayenera kukalembetsa payekha ku Pretoria, kudzera kwa loya wa komweko. Ndipo satifiketi ikatuluka, boma silikhala mlonda wa dzinalo. Mwini wake ndiye amayenera kuyendera misika, kupeza wobera, kusunga umboni ndi kukasuma ku khoti lalikulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Illovo ili ndi maloya a ntchito imeneyi. Kopaletivi ya alimi a mpunga iyenera kuyamba yakambirana kuti pa thumba lililonse logulitsidwa izipatulapo zingati za loya, isanatume munthu kukatenga fomu.